Besi ya pa Chitseko

Ine nyimbo ndinayamba kuimvera kumsana kwa ababa. Amayi akapita kudimba, ababa ankandibereka pa nsalu, anthu n'kumaseka kuti mwamuna wanji wobereka mwana, koma iwo analibe nazo ntchito. Ankayenda nane m'mizere ya chinangwa akuimba cham'mero, ndipo mawuwo ankadutsa m'nthiti zawo n'kudzalowa m'tsaya langa. Dziko lonse linkanjenjemera pang'onopang'ono mpaka tulo n'kunditenga. Nkhope yawo ya nthawi imeneyo sindiikumbukira bwino, koma kunjenjemerako ndikukudziwa mpaka lero.

Ababa ankaimba besi m'kwaya ya katchalitchi kathu, kunja pang'ono kwa Nsanama. Ankakonda kunena kuti makolo awo pochokera ku Mozambiki anangonyamula khasu ndi khosi basi, zina zonse anazisiya m'njira. Amayi anawapeza m'kwaya momwemo. Amayi atamwalira, makutu a ababa, amene anali atayamba kale kuvuta, anatsekeratu. Iwo sanasiye kupita kukwaya, koma zinkamvetsa chisoni. Anzawo ali pa ndime yachiwiri, iwo akadali pa yoyamba. Anzawo amaliza, iwo akupitirira okha, maso ali tsinzi, ana kumbuyo akugwirana pakamwa. Tsiku lina aphunzitsi a kwaya, bambo wachinyamata waulemu wake, anawagwira dzanja n'kuwaonetsa benchi yakumbuyo kuti azipumula. Ine ndinapsa mtima zedi, ndinawayankhula aphunzitsiwo mawu oti sindingawabwereze pano. Koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti sanalakwe.

Kuyambira pomwepo ababa anatseka pakamwa. Ankangokhala pakhonde, msana atatsamiritsa kuchitseko, kuyang'ana mapiri. Kutchalitchi anasiya, kumsika anasiya, ndipo anthu anatopa ndi kukuwa powapatsa moni mpaka anayamba kulambalala. Titagwirizana pabanja kuti tikakolola timange chiliza cha amayi, ndinawafotokozera ndi manja komanso kukuwa.

“Pa maliro a mayi ako khosi linanditseka, sindinaimbe,” anatero mokweza, monga amayankhulira anthu osamva. “Ndimati ndidzawaimbira pa chiliza. Tsopano ndikaima pamanda paja ngati chitsa.”

Mawu amenewo anandikhala pachifuwa. Ndikamasoka, ndikamatunga madzi, ndinkangowamva.

Koma musandiyese woyera mtima, gitala sindinagulire ababa iyayi. Ndinagulira ine ndemwe. Ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ina pa Nsanama, ndipo nsalu, ulusi ndi mazipi ndimakagula ku Balaka. Amene anafikako akudziwa kuti tauni imene ija sikhala chete. Sitolo iliyonse ili ndi sipika pakhomo, ndipo chimene chimayamba kukufika si mawu a woimba ayi, koma kugunda kwapansi kuja kolowera kumapazi. Anzanga amadandaula kuti kukuwapweteka mutu. Ine ndinkachedwera dala.

Ulendo wina ndinabisala dzuwa pakhonde la bambo wina wokonza mawailesi. M'kati mwake, pamwamba pa mulu wa mawailesi akufa, panapachikidwa magitala awiri. Ina inali yaing'ono ya nsambo zisanu ndi imodzi. Inzake inali yaitali khosi, yofiira mofwifwa, ya nsambo zinayi zonenepa ngati waya wa mpanda, ndipo chokungira chimodzi chinali chitachoka, m'malo mwake anaikamo bawuti. Bamboyo ataona kuti maso anga akana kuchoka pamenepo, anatsitsa yaing'onoyo.

“Iyi ndiye yoyenera amayi ngati inu. Njopepuka.”

“Ndakuuzani kuti ndadwala mkono? Tsitsani yaitaliyo.”

Anaseka, koma anatsitsa. Anailumikiza ku ampu yake, kabokosi kakuda kokhala ndi sipika, n'kundikoleka lamba paphewa. Inalemera ngati mwana wa zaka ziwiri. Ndinakoka nsambo yonenepa kwambiri ija ndi chala chimodzi. Mayo ine! Timisomali ta patebulo tinavina, mazipi m'chikwama changa anasokosera, ndipo m'mimba mwanga munachita ngati mwatseguka khomo. Sitolo inazimiririka. Ndinali m'munda wa chinangwa, tsaya lili pa malaya otuluka thukuta, dzuwa likuwomba kumapazi. Nditatsegula maso ndinapeza bamboyo akundiyang'ana modabwa. Ulendo umenewo nsalu sindinagule.

Ndinaikulunga m'chitenje n'kukwera nayo minibasi. Kondakitala anafunsa ngati mlendo wangayo alipire mpando wake, ine ndinamuuza kuti afunse yekha, ali ndi pakamwa. Powoloka Shire pa Liwonde ndinali nditaikumbatira, ndikuona madzi akuyenda mwaulesi, ndipo m'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kuimba pamaso pa anthu ambirimbiri atavala zoyera.

Kufika kunyumba, ndinadzitsekera kuchipinda, kukoka nsambo ija. Zii. Kukokanso. Kamawu kake kanali ngati udzudzu wa m'chipinda china. Ndinaigwedeza, ndinaitembenuza kufuna bowo, koma linali thabwa lokhalokha. Ndinaimbira foni bambo uja ndili ndi ukali wanga wonse, kuti wandigulitsa chinthu chakufa.

“Amayi, safunsa anadya phula,” anatero akuseka mpaka kutsokomola. “Imeneyo payokha siyankhula, imafuna ampu ndi magetsi. Kwanuko magetsi alipo?”

Kwathu kunali kasola kotchajira foni basi. Manyazi anandigwira.

“Musalire. Pophunzira chitani chonchi: mutu wa gitalayo muugunditse pa chinthu chathabwa, kaya kabati, kaya chitseko, n'kukanikiza. Thabwalo lidzakuimbirani.”

Chitseko cha nyumba yathu n'cha mlombwa, cholemera, chakuda ndi ukalamba. Ababa anachipangitsa chaka chimene anabwera kudzamanga nyumba pamudzi wa amayi, ndipo ankachinyadira kuposa nyumba yeniyeniyo. Madzulo ena nditaweruka ndinachitseka, kukhala pa kampando m'kati, kukanikiza mutu wa gitala pakati pake, n'kukoka nsambo. Chitseko chinayankha. Sanali mawu aakulu ayi, koma anali onenepa, ofunda, odzaza chipinda kuyambira pansi. Ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Masiku otsatira zala zanga zinaona zakuda. Ine ndinkayesa kuti zala zozolowera singano n'zolimba, koma nsambo zija zinanditulutsa matuza, matuzawo kuphulika, kenako kuuma n'kusanduka zikanga. Ndinkaonera pafoni momwe ena amachitira: zala ziwiri za kumanja zizisinthana ngati munthu akuyenda, za kumanzere zizitambasuka pakhosi la gitala. Kachala kanga kakanise kankakana, kankangodzipinda ngati kakumva kuzizira. Chimene chinandithandiza ndi phazi. Zaka zonse zopalasa makina osokera zinaliphunzitsa kusunga muyeso, moti linkangogunda lokha pansi, manja n'kumalitsatira. Nyimbo yeniyeni ndinalibe. Ndinkangoyendayenda m'mawu apansiwo, kuwala kwa dzuwa lolowa kukudutsa m'ming'alu ya zenera, fumbi likuyandama m'menemo, mpaka kuiwala kuti pamoto pali ndiwo.

Tsiku lina ndili m'kati moteremo, chitseko chinagunda. Gu! Ndinati ndi mbuzi. Ndinapitiriza. Gu, gu! Kenako chinakankhidwa, gitala n'kutsala pang'ono kundigwetsa. Anali ababa. Ndinali nditaiwaliratu kuti malo awo ndi kuseri kwa chitseko chomwecho.

“Ukuchitanji ndi chitseko changa?”

Ndinawaonetsa gitala. Anaiyang'ana, anayang'ana chitseko, anayang'ana ine. Kenako anatuluka n'kutsekanso okha. Ndinamva akudzikhazika, msana kukhuza thabwa, kenako kagugu kakang'ono ka mutu.

“Bwereza!”

Ndinakoka nsambo. Panapita kanthawi. Ndiyeno kuseri kuja kunatuluka mawu okhala ngati achita dzimbiri, akufufuza, kukwera pang'ono, kutsika, mpaka anakhala ndendende pamwamba pa mawu a nsambo yanga. Anali atatsamiritsa fupa la kuseri kwa khutu pathabwa, ndipo zimene makutu anakana kuwapatsa, mlombwa unkawapatsa. Ndinalira, koma sindinasiye kukoka.

Kuyambira tsiku limenelo ndinapeza mphunzitsi, ndipo anali wovuta kuposa onse amene ndinawaonapo. Iwo kunja, ine m'kati, osaonana. Ankaimba do, ine n'kuifunafuna pakhosi la gitala mpaka kuipeza. Kenako fa, kenako so. Ndikaphonya, chibakera pachitseko. Ndikathamanga, zibakera ziwiri.

“Ukuthamangira kuti? Besi sathamanga! Amathamanga ndi atsikana akutsogolo, iwe ndiwe mzati.”

Nthawi zina ndinkafuna kuonetsa luso, kudzaza timawu ponseponse monga ndinaonera pafoni. Chibakera.

“Wasanduka nkhuku yotola mapira? Ponda kamodzi, udikire. Siyira anzako mpata.”

Ndinkawayankha ndithu, podziwa kuti sakumva. Ndinkati inu ababa, mukanakhala ndi matuza ngati angawa bwenzi mukulankhula bwino. Koma nyengo imeneyo ndimaikumbuka ngati loto lalitali. Chimanga chinali chitauma m'minda, mphepo ikuchiseweretsa. Fungo la utsi ndi la nandolo linkalowa pansi pa chitseko. Nyimbo zimene ndinazimva ndili kumsana zinkabwerera imodziimodzi, ndipo nthawi zina ndinkasokonezeka osadziwa kuti ukunjenjemera ndi mlombwa, gitala, kapena chifuwa changa. Ababa anayambanso kumaliza chakudya m'mbale.

Chiliza chitamangidwa, tsiku lodalitsa litayandikira, ndinapita kwa aphunzitsi a kwaya aja. Ndinayamba ndi kupepesa za mawu anga akale, pang'ono chabe, kenako ndinawauza maganizo anga: ine ndizimvera kwaya ndi makutu anga, n'kumaipereka kwa ababa kudzera m'thabwa. Anakanda m'mutu.

“Abwere Lachisanu pokonzekera tidzayese. Akayenda nafe limodzi, adzaimba pamanda. Koma zikakanika, amayi, musadzandinyozenso.”

Vuto linali thabwa. Mabenchi a m'tchalitchi mwathu ndi a njerwa ndi simenti, chitseko chake n'chachitsulo, ndinachiyesa chinangolira ngati beseni. Nditawauza ababa, sanaganize kawiri.

“Tinyamule changa chomwecho.”

Lachisanu masana ndinaitana alamu anga, amuna a mng'ono wanga, amene nyumba yawo ili kuseri kwa yathu. Anazula chitseko, kuchimangirira panjinga, n'kuyamba kukankha kulowera kutchalitchi. Ine ndinali kuseri ndikusita malaya a ababa, iwo ali kubafa. Palibe mmodzi wa ife amene anaganiza za chinthu chimene mwana aliyense wa kwathu amachidziwa: matabwa akasowa pamudzi, chitseko cha nyumba ndicho chimasanduka bokosi la maliro. Ndiye taganizani. Mkulu amene sanaoneke kunjira miyezi yonseyi, chitseko chake chazulidwa, mkamwini akuchikankha atazyolika, nkhope itanyowa ndi thukuta, akupatsidwa moni akungoyankha ndi mphuno chifukwa cha kulemera. Ndipo njira ya kutchalitchi imadzera pakhomo pa kalipentala.

Ndinamva kulira kukuchokera kumunsi. Ndinaima, ayironi ili m'manja, n'kumadzifunsa kuti kodi zagwanso kwa yani. Kulirako kunkayandikira. Nditazungulira kumaso kwa nyumba ndinapeza bwalo ladzaza. Amayi ena atasenza nkhuni, ena mabeseni a ufa, abambo akukhala pansi pa mango atavula zipewa. Patsogolo panali mayi wina wachikulire, mnzawo wa amayi anga wa pamtima, manja ali kumutu. Anandigwera pachifuwa.

“Mwana wanga iwe, watsala wekha! Osatituma bwanji? Mpaka tionere chitseko?”

Ndisanatsegule pakamwa, ababa anatulukira pakona ya nyumba, atadzola mafuta, thaulo lili paphewa. Kulira kunaduka ngati ulusi. Mtsikana wina anaponya nkhuni n'kuliyatsa liwiro. Ababa, amene sanamve kanthu, anaona misozi ya anthu, anaona ufa, nkhope yawo inagwa. Anayandikira mwaulemu n'kufunsa ndi mawu awo aakulu aja:

“Pepani, pepani. Watisiya ndani?”

Mayi uja anakweza chala pang'onopang'ono n'kuwaloza iwo. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kuseka, misozi ikadali m'masaya, ndipo bwalo lonse linaphulika. Ine sindinaseke. Ukali unandikwera.

“Miyezi yonseyi munthu ali pakhonde pano, moni mumamumana, lero ndiye mwapeza nkhuni? Mumafuna afe kaye kuti mumuone?”

Anthu anazyolika. Koma ababa sankayang'ana ine. Ankayang'ana mulu wa nkhuni, mabeseni, anzawo akale a m'kwaya atakhala pansi pa mango.

“Onsewa abwerera ine?”

Ndinagwedeza mutu movomera.

“Ndiye ndipatse malaya. Andiperekeze ndili moyo.”

Tinapita kutchalitchi ndi chigulu chonsecho, ine gitala ili kumsana. Alamu tinawapeza atakhala pamwala akupukuta thukuta, osadziwa kuti aika apongozi awo m'manda. Kuyesako sikunayende bwino kwenikweni. Anthu anachuluka, manja anga anachita thukuta, ndinaphonya kangapo, ababa n'kusochera nane limodzi. Pomaliza penipeni tinagwirana ndi kwaya mizere ingapo. Aphunzitsi sananene kuti inde kapena iyayi. Anangoti tidzaone pa tsikulo.

Tsikulo linafika kuli mitambo yopyapyala ndi kamphepo kozizira. Polowa kumanda akuluakulu ena anang'ung'udza kuti gitala ndi chitseko zikufunanji kumalo ngati ano. Mnzawo wa amayi uja anawadula.

“Munthuyu tinamulira kale. Musiyeni aimbe.”

Alamu anaimiritsa chitseko pakati pa mitengo iwiri yoyandikana, pafupi ndi chiliza. Ababa anakhala pa kampando kutsogolo kwake, atavala malaya oyera, msana ndi mutu zili pathabwa, maso ali kumanda a mkazi wawo. Ine ndinakhala kuseri. Sindinkaona chiliza, sindinkaona kwaya, ngakhale ababawo. Pamaso panga panali mlombwa wokha, ndi pamalo pena posalala, pamene dzanja la amayi linkakankha tsiku ndi tsiku akamalowa ndi ndowa pamutu.

Mapemphero atatha, kwaya inayamba. Ndinakanikiza mutu wa gitala, phazi linagwira muyeso, ndinaponda do. Ndime yoyamba inadutsa, kwa ababa kuli zii. Ndinachita mantha. Ndinati khosi lawatsekanso, ndawabweretsa pano kuti adzaime ngati chitsa pamaso pa mudzi wonse. Ndinafuna kuthamanga kuti zithe msanga, koma ndinakumbuka chibakera. Ndinaponda kamodzi, n'kudikira.

Pa ndime yachiwiri chitseko chinasintha kanjenjemeredwe. Ndinayamba kuchimva m'dzanja lamanzere, kenako m'thupi la gitala, kenako m'mimba. Anali iwo. Mawu awo ankalowa m'thabwa, kudzera m'khosi la gitala, n'kudzafika mwa ine, pamene anga ankapita kwa iwo njira yomweyo. Sanatsogole, sanatsalire. Anakhala pansi pa kwaya yonse, onenepa, odekha, ndipo ndinamva amuna ena a besi akutsitsa mawu awo kuti a mkuluyo amveke. Ndinatsamiritsa tsaya pachitseko n'kutsinzina. Manda anachoka, anthu anachoka, kunatsala munda wa chinangwa ndi dzuwa kumapazi, ndipo sindinkadziwanso kuti wabereka mnzake ndani. Misozi inkatsikira pa nsambo. Ndinathokoza kuti kuseri kuno palibe akundiona.

Nyimbo inatha. Kunakhala bata, kenako ndinamva anthu akufwenthera, mapazi akuyamba kusuntha kulowera kunjira. Ababa anazungulira chitseko atagwirira m'mphepete mwake. Maso awo anali ofiira, kolala ya malaya itanyowa. Ndinadikira kuti anene chinthu choti ndidzachisunge moyo wanga wonse. Anandiyang'ana, n'kukuwa mpaka manda onse anamva:

“Ndime yomaliza unathamanga! Mayi ako sakonda zothamanga. Tibwereze.”

Anabwerera pa kampando kawo, ndipo ndinamva kagugu ka mutu pathabwa. Anthu amene anali atafika kale kunjira anatembenuka. Aphunzitsi anakweza dzanja. Ndinapukuta nkhope ndi chitenje, n'kukanikizanso mutu wa gitala pachitseko.